Pakhonde pa Azakhali: Mpeni Wonunkha Viniga

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi tulo titandithawa. Ndimakhala ku Germiston, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Zaka zinayi zapitazo chinandigwira chibaba chosonkhanitsa mipeni yopinda. Sindibaya nayo munthu, ngakhale lalanje sindisendera. Ndimangoisunga m'bokosi, Lamulungu ndikuipukuta ndi kansalu ka mafuta. Pano yakwana 31.

Mwezi watha bambo wina wa m'gulu lathu la osunga mipeni anaonetsa chithunzi cha mpeni wa Okapi. Anati ndi wa ku Germany weniweni, unali wa agogo ake amene ankakumba golide m'ma 1950. Chitsulo chake chinali chakuda bii. Nditangouona ndinakumbukira wa malemu agogo anga, umene anabwera nawo kuchokera ku Wenela. Bamboyo anati anthu atatu akuufuna, ndikachedwa upita. Usiku womwewo ndinatumiza R1,600. Utafika, mnzanga wodziwa mipeni anaupenda. Patsinde pa chitsulo anapalapo ndi sandipepa, koma ukaunika ndi tochi mawu oti South Africa akuonekabe pang'ono. Ukaununkhiza, viniga yekhayekha. Nditamuimbira foni anati anagulitsa voetstoots, ndiye ndi zanga zimenezo. Kenako anandibuloka.

Tsono m'gulumo mwalowa kamnyamata kena kongoyamba kumene, ndipo kakusirira mpeniwu. Ndikuganiza zokagulitsa pa R1,600 yomweyo. Sindinama ayi. Ndingoika chithunzi n'kulemba kuti "Okapi wooneka wakale", basi. Kakapanda kufunsa, mlandu ndi wanga? Ndalamayo ikabwerera pali wina akugulitsa mpeni wa Sebenza pa R900.

Ine mwana wanu wa ku Germiston.

Mwana wa mchimwene wanga,

Khala pansi. Osati pampando, pamphasa pano, ndikuyang'ane bwino kumaso. Mipeni 31! Ine zakhali wako ndakalamba ndi iwiri yokha, wina wothyoka chigwiriro umene ndinaukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo ndadulira nayo ndiwo za maliro ndi zinkhoswe zosawerengeka. Iwe 31, lalanje ukusenda ndi chikhadabo. Koma sindikunyoza, munthu aliyense ali ndi misala yake. Ena amaweta nkhunda, ena amasunga masitampa, amalume ako ankasunga mabatire akutha a wailesi padzuwa, amati tsiku lina adzadzuka. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere imufotere yekha. Kungoti yakoyi yafota msanga, ndipo yapita ndi lendi ya theka la mwezi.

Ndikuuze kaye za mpeni umene waugwirawo, poti ukuoneka kuti umaudziwa ndi mtima, osati ndi mutu. Okapi unayamba kusulidwa mu 1902 ku Solingen, mzinda wa osula mipeni ku Germany, ndipo ankaupangira kudzagulitsa kuno ku Africa, m'maiko amene Ajeremani ankalamulira. Dzinalo ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo, m'bale wake wa kadyamsonga, imene azungu anali atangoidziwa kumene. Sunali mpeni wa mabwana. Unali wa m'thumba la mlimi, m'busa ndi wa mumgodi: chitsulo wamba chosavuta kunola, chigwiriro cha mtengo, kamphete kumsana kokoka ukafuna kupinda, ndi kaphokoso kaja kolira potsegula kamene kankathetsa mikangano ku mowa munthu asanayankhule. Mu 1988 dzina ndi makina ake zinagulidwa ndi kampani ya ku South Africa, ndipo kuyambira pamenepo umapangidwa ku Isithebe, ku KwaZulu-Natal. Ndiye kuti "wa ku Germany" wakoyo anabadwira kumene ungakafike pa basi dzuwa lisanalowe.

Matchona athu ankabweradi nayo mipeni imeneyi, pamodzi ndi bulangete, chikhoti chachikulu ndi wailesi. Bambo anga anali nawo, ndipo mwana akaukhudza ankaona mbonaona. Ulendo wa ku migodi unaimitsidwa mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha amuna a ku Malawi oposa 70. Unayambiranso pansi pa bungwe la Theba mu 1977 mpaka 1988. Nchifukwa chake mwana wa ku Malawi akamva mawu oti mgodi, agogo ndi Okapi m'chiganizo chimodzi, maondo amamulobodoka. Bambo uja anadziwa pobaya. Chitsulo anangokupatsa ngati mbasela. Chimene unalipira R1,600 ndi agogo ako.

Usaganize kuti ndikumuikira kumbuyo. Munthu amene uja ndi mbava yovala jekete. Sandipepa sagwera yekha pa chidindo. Mpeni sudzinyika wokha mu viniga. Chitsulo cha mtundu umenewu chimada chikakumana ndi chilichonse chowawasa: viniga, mandimu, anyezi, ngakhale tomato. Ena amachidetsa dala kuti dzimbiri lofiira lisachidye msanga, ndipo palibe tchimo pamenepo. Tchimo limayamba pamene usiku umodzi wa mu viniga ukuutcha zaka makumi asanu ndi awiri. Ukalamba weniweni sufika paliponse mofanana. Mpeni umene unayendadi m'thumba la mtchona umakhala wowonda pamimba chifukwa cha kunola, chigwiriro chimasalala pamene chala chachikulu chinkakhala, pamsomali pozungulira chitsulo pamakhala litsiro louma la zaka, ndipo kuda kwake kumakhala mawangamawanga ngati khungu la nkhalamba. Wakowo wada mofanana kuyambira kunsonga mpaka kutsinde, koma pamimba uli wonenepa ngati sunaonepo mwala wonolera. Pa kaunjika malaya timawaona pakolala ndi m'khwapa. Iwe unangoona mabatani.

Tibwere ku voetstoots wakeyo, mawu amene anthu a ku Joni amawatulutsa ngati chithumwa. Ndi mawu a Chidatchi, kunena kukankha chinthu ndi phazi: tenga momwe chililimo. Lamulo la kumeneko limawavomereza ndithu, makamaka pamene anthu wamba akugulitsana okhaokha. Amateteza wogulitsa pa chilema chobisika chimene iyenso sankachidziwa. Sateteza munthu amene ankadziwa chilemacho n'kuchibisa dala kuti anyenge mnzake, ndipo sasandutsa bodza kukhala zoona. Wanena kuti "wa ku Germany" uku utapala ndi manja ako mawu oti South Africa, phazi lako lakankha bodza, osati mpeni. Ku South Africa kuli khoti la milandu ing'onoing'ono, limene limamva nkhani ngati yakoyi popanda maloya. Umayamba ndi kalata yoitanitsa ndalama, n'kumupatsa munthuyo masiku 14. Koma khotilo lidzafuna dzina lake lenileni ndi kumene amakhala. Uli nazo? Kapena uli ndi nambala yokubuloka ndi chithunzi cha mkango chimene anaika m'malo mwa nkhope?

Waona, apa ndiye pafika mbali yako, ndipo usandiyang'ane ngati mbuzi yogwidwa m'dimba. Iwe wemwe, pogula nkhuku pa msika, umaikweza m'manja, umaipapasa pachidale, umaitsegula mapiko, umaiyang'ana m'maso ngati ili ndi chitopa. Nkhuku ya tsiku limodzi. Koma chinthu cha R1,600 wagula ndi chithunzi chimodzi, cha mbali imodzi, chojambulidwa madzulo. Unalephera chiyani kunena kuti bambo, jambulani mbali zonse ziwiri, wotsegula ndi wopinda, ndipo patsinde pali chidindo mundiyandikizire, pambali pake muike kapepala kolembapo dzina lanu ndi tsiku la lero? Wogulitsa woona sakwiya nazo zimenezo, amajambula mpaka utopa ndiwe. Unalephera chiyani kufunsa ngati unanoledwapo, ngati chigwiriro ndi chake chobadwa nacho, ngati chitsulo chikugwedera ukachitsegula, ngati sipuling'i ikadali ndi mphamvu? Unalephera chiyani kufunsa m'gulumo kuti ndani anagulapo kwa bambo ameneyu? Safunsa anadya phula, iwe wamwera viniga.

Ndipo za "anthu atatu akuufuna" zija zandipweteketsa nthiti. Mwanawe, nyimbo imeneyo ndi yakale kuposa Okapi. Amalume ako pondifunsira anati kuli atsikana atatu akuwadikira ku Ntcheu. Ndinawauza kuti apite, basi ya Ntcheu imanyamuka m'mawa. Anakhala zaka makumi anayi pakhomo panga. Chinthu chikakhala chenicheni chimapirira mafunso a tsiku limodzi. Wokuthamangitsa akuopa kuti ukagona udzuka ndi nzeru.

Osunga mipeni enieni, aja a imvi, amawerenga chidindo asanamvere nthano, chifukwa opanga ambiri anasiya zizindikiro zowerengeka. Kampani ya Case ya ku Bradford, ku Pennsylvania, mu 1970 inadinda timadontho khumi patsinde pa chitsulo, n'kumachotsa kamodzi chaka chilichonse, moti wodziwa amangowerenga timadontho n'kukuuza chaka. Buck anayamba kuika kachizindikiro ka chaka mu 1986. Dzina lakuti Solingen limatetezedwa ndi lamulo ku Germany, si aliyense angalidinde. Koma dzina lakuti Laguiole, la kamudzi ka ku France, lakhala likudindidwa ndi aliyense, moti wina ndi wosulidwa ku Laguiole komweko kapena ku Thiers, wina wachokera ku fakitale ya ku China kapena ku Pakistan, kanjuchi kali pamsana chimodzimodzi. Ndiye pali chitsulo chija cha mizere ngati madzi oyenda chimene amati Damascus. Chenicheni ndi zitsulo zosiyana zopindidwa ndi kusulidwa pamodzi, mizereyo imalowa mpaka mkati. Chabodza amangojambula pamwamba, ukanola kawiri maluwa onse apita. Chikomekome cha mkuyu. Munthu amene wasankha masewera amenewa wasankhanso sukulu yake, ndipo homuweki sangakulembere wogulitsa.

Sebenza wa R900? Gwira khutu. Mpeni umenewo anauyambitsa Chris Reeve, mwana wa ku Durban amene anasamukira ku Boise, ku Idaho, mu 1989, n'kupitiriza kutcha mipeni yake maina a Chizulu: Sebenza, Mnandi, Inkosi, Umnumzaan. Watsopano amagulitsa madola oposa 400, ndipo umabwera ndi kakhadi kolembapo tsiku limene unapangidwa. Akuba amakopera mpeni, bokosi ndi kakhadi komwe. Iwe wakhala ku Joni zaka zonsezi, tanthauzo la sebenza ukulidziwa. Pa R900 amene akusebenzedwa ndiwe.

Tsopano tifike pamene pandikhalitsa tsonga, pakuti zonse zapitazi ndi zophweka. Walemba mizere yambiri kulira kuti anakugwiritsa fuwa la moto, kenako mosaphethira n'komwe ukundipempha chilolezo choti fuwalo upatsire kamwana ka eni. Ndipo wakonza kale mawu ake, ochenjera ngati a loya: "wooneka wakale". Sindinama, akutero mwana wa mchimwene wanga. Tandiuza, mtengo wa R1,600 ukunena chiyani? Okapi watsopano mtengo wake ndi wa nkhuku imodzi. Ukalemba R1,600 pansi pa chithunzi, nambalayo ndiyo ikunena kuti "wa ku Germany, wa mumgodi, wa agogo", iwe uli chete manja m'thumba. Pakamwa watseka, bodza walituma pa mtengo.

Bambo uja mwina nayenso anayamba choncho. Sindikhulupirira kuti anabadwa ndi sandipepa m'manja. Mwina wina anamuponda, iye n'kunena kuti sindingafe ndekha. Mipeni yabodza yambiri imayenda motero, kuchoka kwa wolira kupita kwa wolira, aliyense akudziona ngati wolakwiridwa. Ndipo usandiuze kuti kamnyamatako kakanafunsa. Inde, kayenera kufunsa, monga iwe unayenera kufunsa. Koma kupusa kwa wogula ndi mlandu wake kwa iye mwini ndi thumba lake. Sikukupatsa iwe ufulu. Wosiya chitseko chosatseka timamukalipira, koma wolowamo timamutchabe wakuba. Wogulitsa ayenera kutula pansi zonse zimene akudziwa, zofunsidwa ndi zosafunsidwa: kuti nsonga inathyokapo n'kunoledwanso, kuti chigwiriro anasintha, kuti bokosi si lake, kuti chaka akungoganizira. Chimene sakudziwa anene kuti sakudziwa, asachikutire ndi mawu oterera.

Komanso taganiza mwaumbombo womwewo, poti ndiwo ukukuyendetsa. Dziko la osunga mipeni ndi kamudzi. Onse amadziwana, amakumana pa zionetsero, amatumizirana zithunzi. Mnzako uja wa tochi akudziwa kale za mpeniwu. Kamnyamatako kadzapita nawo kwa iye yemweyo kukadzitama. Tsiku limenelo mipeni yako 30 yotsalayo, ngakhale ikhale yeniyeni ngati ubatizo, aliyense adzayamba kuinunkhiza. Ukagulitse mbiri ya zaka zinayi pa R1,600?

Ukafuna kuugulitsa, lemba chonchi: "Okapi wa ku South Africa. Wina anapala chidindo ndi kuudetsa ndi viniga kuti uoneke wakale, ndipo ine ndinapusitsidwa nawo. Umatseguka bwino, umadula bwino." Mtengo uike wa nkhuku. Adzakuseka masiku awiri, zoona, ineyo ndayamba kale. Zotsalazo uziwerenge ngati fizi. Ndipo akulu a gulu lanu uwaonetse mauthenga onse a bambo uja ndi zithunzi za chidindo, popanda kutukwana, kuti botolo lake la viniga lisapeze wina.

Ndikuonjezere kamodzi, poti tsiku lina iwe ndiwe udzakhale wodziwa. Idzafika nthawi mayi wamasiye adzakutsegulira bokosi la malemu mwamuna wake, osadziwa kuti kampeni kakuda kali pakona ndi ka mtengo kuposa yonse yonyezimira. Adzati, tengani yonse, mundipatse ya shuga. Pamenepo wogula ndiye wanyamula tochi. Ndidzamva zimene udzachite, ndili ndi makutu mpaka ku Boksburg.

Azakhali,

Ine ndili ku Leicester. Ndinagulitsa kampeni kakale ka Joseph Rodgers ka ku Sheffield, kachigwiriro cha fupa. Ndinalemba zonse: kuti fupa lili ndi mng'alu, chitsulo chinada, ndipo chinanoledwapo. Zithunzi ndinatumiza khumi ndi ziwiri. Patatha milungu itatu wogula akuti ndimubwezere ndalama. Anakakwecha ndi sitiliwulu mpaka kuwala, ndiye anzake amuuza kuti mtengo wake wagwa. Akuti ndikakana andiipitsira mbiri. Nditani?

Mwana wanu wa ku Leicester.

Mwanawe,

Iwe ndiye ubwere ukhale pampando, mnzako wa ku Germiston akhalebe pamphasa. Wogula wakoyo watenga nkhalamba n'kuimeta imvi, tsono akudabwa kuti anthu asiya kuipatsa ulemu. Kwa osunga mipeni, kuda kwa zaka kuja ndi mbali ya mtengo wake. Ukakwecha ngati poto wa nsima umachotsa zaka, umafafaniza ngakhale kanyenyezi ndi kamtanda kamene Rodgers ankadinda, ndipo sizibwereranso. Wogula akalandira katundu ayenera kumupenda tsiku lomwelo, asananole, asanamasule, asanatsuke. Ngati pali chosiyana ndi zimene anauzidwa, anene pomwepo n'kubweza chinthucho momwe chinabwerera. Ku England munthu wamba akagulitsa chake, lamulo limafuna kuti chikhale monga anachifotokozera. Ufulu wobweza katundu wogula pa intaneti m'masiku 14 chifukwa chongosintha maganizo umagwira kwa amalonda, osati kwa iwe wogulitsa kampeni kamodzi ka m'dirowa. Muyankhe mwaulemu kamodzi, umutumizire mawu ako aja ndi zithunzi khumi ndi ziwiri, basi. Akapita nazo kugulu, zithunzizo zikakuyankhulira.

Koma poti uli kumeneko, samala zina. Kugulitsa mpeni kwa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu, kupatula timipeni topinda tating'ono. Wololedwa kuyenda nawo m'thumba popanda chifukwa chomveka ndi wopinda wosapitirira mainchesi 3, wopanda loko. Okapi wa kamphete uli ndi loko, ndiye usakayende nawo mu tauni pokumbukira agogo. Ndipo wina akadzakuonetsa chigwiriro choyera n'kunong'ona kuti ndi mnyanga wa njovu, bweza manja kumbuyo. Britain inatseka malonda a minyanga mu 2022, kupatula zinthu zochepa zolembetsedwa, ndipo kwathu kuno lamulo la nyama zakutchire la 2017 limafika zaka 30 m'ndende. Ine ku Maula sindidzabwera ndi phala.

Iwe wa ku Germiston, usanyamuke, sindinathe nawe. Ndaganizanso. Mpeni uja usaugulitse n'komwe. Chitsulo cha ku Isithebe chilibe mlandu, chimadula ngati cha ku Solingen, ndipo wanga wa mphira wa njinga uja watopa. Ukulunge bwino m'nyuzipepala, uike pansi pa chikwama chachikulu, osati cha m'manja, ubwere nawo pa Khirisimasi pamodzi ndi mafuta ophikira ndi bulangete lija unandilonjeza chaka cha dzana. Chinangwa chakhwima kumunda. Fungo la viniga lidzatha pa dengu loyamba.

Ndine zakhali wako.